Usachotse Giya pa Chiweta, Wezi

Wezi mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili m'galimoto, pansi pa mango paja, pepala ndalitsamiritsa pa chiwongolero. Ukaona zilembo zikupendekeka usati bambo ako ayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Iwe wapita kukalukitsa tsitsi, amayi ako ali m'nyumba akukusitira zovala, ndipo mawa ukwera minibasi ya ku Mzuzu, kuchokera kumeneko basi ya ku Lilongwe. Ndatsala ndi masana ano okha. Chiyambire Loweruka lija sitinalankhulane bwino. Umandipatsa moni ngati wa mlendo, inenso ndimayankha ngati mlendo, ndipo sindikufuna upite tili chonchi. Ndinenenso mosabisa kuti ndikuchita mantha.

Anthu pano pa Bolero akundigwira chanza ponseponse. Akuti mwana wa adalaivala wasankhidwa kukaphunzira kuyendetsa ambulansi, mwana wamkazinso, yewo chomene, mwalera bwino. Ine ndimangomwetulira. Iwo akuona yunifolomu. Ine ndikuona anthu amene udzawanyamule ukabwerako pakatha miyezi itatuyi: mayi amene mwana wamukhala chopingasa m'mimba, mdala amene sangathe n'kudzutsa mutu komwe, namwino atagwira diripi m'mwamba. Anthu amenewa galimoto ikakuthawa sangadumphe. Ndipo chipatala chimene chakutumachi chili kumapiri, njira zake zonse n'zotsetsereka.

Ukukumbukira zimene zinachitika Loweruka. Tinkapita kukatsanzikana ndi amalume ako ku Mlowe, iwe uli pa chiwongolero, ine pambali pako, amayi ako kumbuyo monga mwa masiku onse. Titangoyamba kutsika Chiweta dzanja lako linapita pa giya, n'kuichotsa, n'kuisiya pa firi. Injini inati zii. Galimoto inayamba kudziyendera ndi kulemera kwake, phazi lako lili pa buleki. Ndinakukalipira mmene sindinakukalipirepo chibadwire chako. Ndinati, "Bweza giya!" Unabweza, inde, koma unandiyang'ana n'kunena kuti, "Adada, mesa inunso mumatero? Ndinaonera inu. Mafuta avuta masiku ano." Tinafika ku Mlowe, tinadya, tinapemphera, tinabwerera. Funso lako linali loona, ndipo kalatayi ndiyo yankho lake. Uiwerenge lero lomwe, usadikire kuti ukaiwerengere m'basi.

Ine kusukulu yoyendetsa galimoto sindinapondeko. Ndinaphunzira mmene ankaphunzirira anzanga onse kwathu ku Ntcheu nthawi imeneyo. Unkayamba ndi kutsuka lole ndi kumanga katundu, kenako kuika mwala kutayala pamtunda, kenako tsiku lina dalaivala akatopa ankakusiyira kuti uisunthe pang'ono pabwalo. Mphunzitsi wanga anali a Ganizani, munthu wa dzanja lolemera, wosuta fodya wopichira yekha. Zambiri anandiphunzitsa bwino, ndisawanamizire. Ankaimva injini ngati mmene mayi amamvera chifuwa cha mwana. Koma potsika phiri lililonse ankachotsa giya, n'kutsamira kumbuyo, amvekere, "Dizilo si madzi, mphwanga. Potsika amatiyendetsa ndi Mulungu, ife timangowongolera." Ine ndinkaseka, ndinkaona ngati ndiwo ukatswiri. Palibe tsiku limene anandikhazika pansi kuti lero ndikuphunzitse kuchotsa giya. Ndinangoonera. Chimene walowetsa ndi maso chimakhazikika kuposa chimene walowetsa ndi makutu, ndipo uzisamala amene ukumuonera.

Laisensi ndinaitenga tsiku limodzi. Anaimika migolo pabwalo, ndinabwerera chammbuyo pakati pake osagunda ngakhale umodzi, ndinazungulira tawuni kamodzi, ndinatchula zikwangwani zingapo, basi. Pobwerera kunyumba ndinkayenda ngati dziko lonse ndi langa. Palibe anandifunsa kuti buleki ikatentha imachita chiyani, kapena kuti lole yodzaza imaima patali bwanji. Migolo siyenda, Wezi. Siithawira kumsewu ngati mwana wothamangitsa mpira, siiledzera, siinyamula belo la fodya panjinga. Kapepala kaja kamangonena kuti boma lakulola kuyamba kuphunzira. Iwenso unakhoza migolo ulendo woyamba, ndipo ndinaona mmene unkayendera tsiku limenelo, ndinakumbukira munthu wina. Ukakafika ku Lilongwe usakauze aphunzitsi kuti ine ndakulira m'galimoto, bambo anga ndi dalaivala. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ukakhale ngati sudziwa kanthu, akakuphwasule n'kukumanganso.

Boma litandilemba ntchito linanditumiza kuno ku Rumphi, ndisakudziwa ngakhale liwu limodzi la Chitumbuka. Kulakwa kwanga koyamba kuno kunachitikira pamsewu wa ku Mwazisi, m'chilimwe. Ndinanyamula bwana wina amene anachedwa yekha kudzuka, koma msonkhano ankafuna aupeze usanayambe. Kutsogolo kwathu kunali lole ya fodya, fumbi lili kobo, osaona ngakhale chala chako. Bwana uja ankangogogoda wotchi yake. "Adalaivala, tigona pano? Ipitirireni." Ine ndinali mnyamata, ndinkaopa kuti akandinenera kuofesi kuti ndine wamantha. Ndinalowa m'fumbimo ndisakuona chilichonse. Potulukira ndinangoona nyanga za ng'ombe. Inali ngolo, pamwamba pake pali mayi ndi migolo yamadzi. Ndinakhotetsera kutchire, tinakaima m'munda mwa munthu, ng'ombe zili bwinobwino, mayi uja akutitukwana m'chinenero chimene ndinkachimva ndi nkhope yokha. Ukudziwa chimene ananena bwana uja atapezanso mpweya? Anati, "Kodi inu mumayendetsa bwanji?" Anali ataiwala kale kuti anandituma ndi iye.

Umvetse pamenepa, chifukwa mu ambulansi zidzakhala zoposa apo. Abale a wodwala adzakulirira m'khutu kuti fulumirani, munthu akutisiya. Adzamenya galasi. Ena adzati mkazi uyu akuopa, akanakhala mwamuna tikanafika kale. Mtima wako ndimaudziwa, ukamva mawu amenewo makutu ako amatentha, unatengera ine. Uzikumbukira kuti chiwongolero chili ndi munthu mmodzi. Wokuuza kuti thamanga sadzakhalapo pofotokozera apolisi, ndipo wodwala amene wafika mochedwa ndi mphindi zisanu ali ndi mwayi kuposa amene sanafike n'komwe. Malo amene sukuwaona usalowemo, kaya ndi fumbi, kaya ndi khona, kaya ndi nkhungu ya ku Nyika.

Tsopano ndikuuze za mwendo wa amayi ako. Nkhaniyi umaidziwa mmene amaidziwira aliyense. Wakhala ukuimva kutchalitchi, pamaliro, ngakhale kwa anthu amene tsikulo kunalibe. Amati mabuleki anakana pa Chiweta ndipo bambo ako, ndi nzeru zawo, anapulumutsa amayi a mpingo odzaza lole. Mabuleki anakanadi. Koma sanakane okha.

Unali ndi zaka zitatu, tinakusiya kwa agogo ako. Amayi a mpingo wathu anali ndi msonkhano kunyanja, ndipo mkulu wina wa mpingo anabwereketsa lole yake, ine n'kudzipereka kuyendetsa poti linali tsiku lopuma. Kumbuyo kunali amayi odzaza atavala zoyera, ndi matumba a ufa, nkhuni, miphika. Amayi ako anakhala nane kutsogolo, buku la nyimbo lili pamiyendo. Kuyambira pa boma mpaka kudutsa Phwezi ankangoimba. Titafika poyambira kutsika ndinayang'ana muvi wa mafuta, ndinaganiza za ulendo wobwerera, ndipo dzanja langa linachita zimene linazolowera. Sindinganene kuti ndinaganiza mozama. Ndinachotsa giya ngati mmene munthu amakandira pamene pakuyabwa.

Makhona awiri oyamba zinayenda bwino. Ndinkaponda buleki, lole imamvera. Pa khona lachitatu ndinamva fungo ngati la mphira wopserera. Ndinaponda, buleki inalowa mkati kuposa kale. Ndinapopa, ndinapondanso, inangopita mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinayesa kubweza giya, koma liwiro linali litakwera kale, inangokukuta mano n'kukana kulowa. Kumbuyo nyimbo inali ikupitirira, Wezi, sankadziwa kanthu. Kumunsi ndinaona thanki ya mafuta ikukwera pang'onopang'ono, itadya theka la msewu wathu pokhota. Kudzanja lamanja kunali phompho. Kumanzere kunali khoma la phiri, ndipo kumanzere komweko n'kumene kunali amayi ako. Ndinali ndi nthawi yosankha, yochepa koma inalipo. Ndinakhotetsera kumanzere, ndinaikhulitsa lole kukhomako mpaka inaima. Chitseko chinalowa mkati pamodzi ndi mwendo wawo.

Palibe anamwalira. Mayi mmodzi anathyoka mkono, ena anachekeka, ufa unali mbwee pamsewu. Amayi ako anagona m'chipatala miyezi inayi. Munthu amene ankayenda pansi kuchoka kuno kukaphunzitsa kusukulu ya kutali ndi kubwerako tsiku lomwelo, kuyambira pamenepo wayendera ndodo mpaka lero. Oona za ngozi anabwera, anayang'ana mabuleki, anawapeza atapsa, analemba kuti anakana. Palibe anandifunsa kuti giya inali pati, ndipo ine sindinadzipereke kunena. Lamlungu lotsatira abusa anandiimiritsa kutsogolo. Amayi anandiimbira nyimbo, wina anandifunditsa chitenje paphewa, agogo ako aamuna, amene poyamba sankandifuna chifukwa ndinali wobwera, anandigwira mkono nthawi yaitali. Ndinalandira zonsezo. Ndinkadziuza kuti mwina mabulekiwo anali otha kale, mwina akanakanabe. Bodza ukalinena kwa anthu limavuta pang'ono, koma ukayamba kudziuza wekha limakhala ngati nsapato yakale, suimvanso kuphazi.

Patapita zaka zingapo kuofesi anatitumiza madalaivala asanu ku Lilongwe, kumaphunziro ngati amene ukupitawa. Tinapita tikung'ung'udza. Tonse tinali ndi zaka zoposa khumi pamsewu, ndiye wina atiphunzitse chiyani? Tinkati tikangodya bwino sabata ziwiri n'kubwerera. Mphunzitsi wathu anali a Mbewe, wapolisi wopuma ntchito, kamunthu kakafupi kosakweza mawu. Tsiku loyamba anatiyang'ana nkhope n'kunena kuti akudziwa zimene tikuganiza. Anatiuza kuti maphunziro amenewa sanayambire ophunzira atsopano ayi. Anayambira kunja, kalekale, pakati pa apolisi, anthu a malaisensi awo ndi mayunifolomu awo, amene ankaphwanya magalimoto a boma mpaka akuluakulu awo anachita manyazi. Ndiye anaitana anthu ozolowera mipikisano ya magalimoto kuti awaphunzitse. Apolisi aja ankayembekezera kuphunzira liwiro, koma anawaphunzitsa kuyang'ana patali ndi kuchita zinthu motsatana: uone kaye, ukhale mbali yoyenera ya msewu, uchepetse liwiro, ulowetse giya yoyenera liwirolo, kenako upite. Ngozi zawo zitachepa nzeruyo inafalikira kwa oyendetsa ambulansi, ozimitsa moto, mpaka inafika kwa ife a ku Rumphi. A Mbewe anati, "Ndiye musadandaule, akuluakulu. Sukulu ino anaimangira anthu odziwa kale."

Anali ndi kachitidwe kena kamene poyamba tinkakaseka. Ukakhala pa chiwongolero ankafuna uzilankhula mokweza chilichonse chimene ukuona ndi chimene ukuchita. "Kutsogolo kuli njinga yanyamula makala, ikugwedera. Kumanzere mwana wagwira mbuzi, chingwe n'chachitali. Minibasi iyo yaima, wina atulukira kutsogolo kwake. Ndikuchepetsa. Ndikulowa giya yachitatu." Tinkati awa atisandutsa owulutsa mpira pawailesi. Koma yesa uone, pakamwa pakayamba kutchula maso amasiya ulesi. Ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndinkayang'ana mamita ochepa kutsogolo kwa boneti, kwinako ndinkasiyira mwayi. Kumeneko akakakuuza kuti uzilankhula usakachite manyazi, ndipo ukabwerako usadzasiye. Namwino akadzakuseka, aseke.

Sabata yachiwiri anatitengera kumapiri a ku Dedza, msewu wotsikira ku Golomoti, pa lole yodzaza mchenga. Itafika nthawi yanga ndinayamba bwino, ndikulankhula monga ankafunira. Titayamba kutsika pakamwa panga panatseka pokha, dzanja n'kupita pa giya. A Mbewe anandigwira pamkono ndisanaichotse. Kamunthu kaja kanali ndi mphamvu. Anandiimitsa pambali, anzanga anayi akuonerera, n'kundifunsa kuti, "Bwanji mwasiya kulankhula? Nenani chimene mumafuna kuchita." Anati, "Chimene mukulephera kuchinena mokweza muli pa chiwongolero, musamachichite."

Kenako anatitsitsa tonse, n'kufotokoza modekha ngati akuuza ana. Anati potsika phiri injini ndiyo imagwira galimoto, buleki imangothandizira. Ukachotsa giya katundu yense waisenzetsa buleki yokha, ndipo buleki ndi chitsulo chokhulana ndi chinzake, chimatentha, chikatenthetsa chimasiya kugwira ngakhale chikhale chatsopano cha dzulo. Anati giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo utsikire, ndipo uilowetse uli pamwamba, chifukwa liwiro likakwera siilowanso. Mnzanga wina anafunsa za mafuta. A Mbewe anati mafuta amene umapulumutsa pa phiri lonse sangadzaze ngakhale botolo limene amayi amagulira palafini. Ndiye anawonjezera mawu amene sindinawaiwale. Anati pa ntchito yawo yaupolisi analemba kambirimbiri kuti mabuleki anakana, ndipo nthawi zambiri polemba ankadziwa kuti wina anawakanitsa. Sankandidziwa, nkhani ya pa Chiweta sanaimvepo. Koma ine ndinangokhala pansi pamwala. Kabodza kanga kaja, kakuti mwina anali otha kale, kanafera pamenepo.

Ukuganiza kuti nditabwerako ndinawauza amayi ako? Ndinabwera ndi satifiketi, tinaiika m'felemu, ili pakhoma mpaka lero. Ndinkati ndinena mawa. Ndikawaona akulimbana ndi ndodo potsika pakhonde ndinkati lero ayi, atopa. Akakhala osangalala ndinkati ndisawawonongere tsiku. Pamapiri akuluakulu ndinasiyadi kuchotsa giya, pamenepo ndikulumbira. Ndinayendetsa mpaka kupuma ntchito osakandanso galimoto ya boma. Madalaivala achinyamata ankabwera kudzandifunsa nzeru, ndinkawauza zonse za a Mbewe, kupatula chifukwa chimene ndinkazinenera ndi mtima wonse.

Koma kulakwa kumene kukundiwawa kwambiri lero ndi uku. Titagula kagalimoto kathuka, pa timitsetse ting'onoting'ono ta pakati pa kuno ndi boma, dzanja lija linkabwerera. Ndinkati apa si phiri, galimoto ndi yaing'ono, mafuta akusowa, palibe chingachitike. Palibedi chinachitika. Koma pampando wapambali panali iwe, ndi yunifolomu ya sukulu, maso ali pa dzanja langa. Unkandifunsa za chilichonse, kuti ichi n'chiyani, bwanji mwayatsa icho, ine n'kumanyada kuti mwana wanga ali ndi mutu wa galimoto. Za giya sunafunse. Unangoonera, ngati mmene ndinaonera kwa a Ganizani. Loweruka lija nditamva injini ikuti zii, pa phiri lomwe lija, amayi ako ali m'galimoto momwemo, ndinaona dzanja la munthu amene anamwalira kalekale ku Ntcheu litadutsa mwa ine n'kufika pa mwana wanga. Sindinkakalipira iwe, Wezi. Koma amene anamva kuwawa ndiwe, ndipo ndikupepesa.

Bweza giya, mwana wanga. Ndikudziwa kuti mwa zonse ndalembazi zambiri akakakuphunzitsa bwino kuposa ine, masiku ano ali ndi njira zatsopano. Koma chizolowezi ichi sakachiona msanga, chifukwa pamaso pa mphunzitsi udzasamala. Chidzatulukira uli wekha, watopa, muvi wa mafuta uli pansi, ulendo wachitatu tsiku limodzi. Ndiye ukangofika ukawauze wekha tsiku loyamba kuti ine ndili ndi matenda akuti, ndinawatengera kunyumba. Akakutengere kuphiri, akakugwire pamkono ngati mmene anandigwirira ine. Kuchita manyazi pamaso pa anzako sabata imodzi si kanthu. Ine ndinathawa manyazi a tsiku limodzi, ndasenza a zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Lero m'mawa, iwe utapita kumsika, ndinawauza amayi ako. Anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo womwewo, ndinayamba mozungulira, za a Ganizani, za mafuta, ngati mmene ndayambira kalatayi. Anandisiya mpaka ndinafika pamapeto. Manja awo sanasiye kusankha nyemba. Nditamaliza anati, "Ndinaona."

Ndinati, "Munaona chiyani, NyaLuhanga?"

Anati, "Dzanja lanu. Mumaganiza kuti maso anga anali m'buku? Nyimbo ija ndimaidziwa pamtima. Ndinaona mukuchotsa giya, ndinamva injini itasiya kulira, ndinafuna kufunsa koma ndinati mwamuna amadziwa ntchito yake."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi. Anati m'chipatala muja ankadikira kuti ndinene ndekha. Atamva kuti mpingo wandifunditsa chitenje anaona kuti akanena ndiye andivula pamaso pa abale awo, ine ndili mlendo kuno, ndipo iwe unali wamng'ono, unkafunika bambo wa ntchito. Kenako zaka zinapita, anangozisiya m'manja mwa Mulungu. Anati anandikhululukira kalekale, tsiku lake sakulikumbukira. "Koma Loweruka," anatero, "mwana atachotsa giya, ndinadziimba mlandu ine. Ndinati kukhala chete kwanga kuja ndi kumeneku, kwakula, kwatenga laisensi." Apo m'pamene anasiya nyemba. Sanalire, amayi ako umawadziwa. Anangoti, "Mulembereni. Mukamuuza pakamwa mukangana, nonse ndinu amakani. Ndipo mulembe zonse, osadzikometsera."

Ndayesetsa. Sindikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga undiona bwanji. Wakula ukudziwa kuti bambo ako ndi munthu amene anapulumutsa lole yodzaza amayi, ndipo ndikudziwa kuti ntchito imeneyi unaisankha chifukwa cha nkhani yomweyo, unanena wekha pamene ankakufunsa mafunso. Ndakulanda chinthu tsiku loti ndikupatse kamba wa paulendo. Ukafuna kundikwiyira, ndikwiyire, ukafuna osandiimbira foni mwezi wathunthu ndimva. Ndingakonde mwana wamoyo wondikwiyira kusiyana ndi wondinyadira amene ndikamutenge pansi pa phompho. Za kumpingo usade nkhawa, ndikazikonza ndekha, ndalankhula kale ndi abusa kuti Lamlungu andipatse mphindi zochepa. Amayi aja ena akadali moyo, wa mkono uja amakhala benchi lachiwiri.

Chinthu chomaliza. Uli mwana unkakonda kufunsa chifukwa chimene amayi ako sakhalira kutsogolo m'galimoto, ife tinkati kumbuyo n'kumene mwendo umatambasuka bwino. Si zoona, kutsogolo n'kumene kuli malo. Chichokereni m'chipatala muja sanakhalepo pampando wakutsogolo wa galimoto iliyonse, ngakhale minibasi, ngakhale tsiku la ukwati wa mchemwali wako. Lero atamaliza zonse zija anandiuza kuti mawa pokuperekeza ku boma uyendetse ndiwe, ine ndikhale kumbuyo ndi chikwama, iwo akhala kutsogolo pambali pako. Ndinawafunsa ngati atsimikiza. Anati, "Ngati ine mayi wake sindingakhale pamenepo, ndingalole bwanji kuti azinyamula ana a eni ake?"

Njirayo ukuidziwa, ndi yaifupi, ndipo timitsetse take ndi tomwe tija unkandionerapo. Sadzakuuza kanthu. Mwina adzayang'ana pawindo, mwina adzang'ung'uza nyimbo. Koma khutu lawo lidzakhala pa injini, kuyambira pano pa mango mpaka pa depoti.

Makiyi ndawaika mu emvulopu momwemu.

Ndine bambo ako, amene wawaonera zambiri.